Telala, Nguli ndi Timadontho ta Seurat

Sabata ino ndi yanga, ndipo ndikulemba ndili ku Mzuzu kuno nditavala majuzi awiri. Ndakatulo tizipumitse kaye. Ndikufuna tikambe za chithunzi china chimene chinajambulidwa ku Paris zaka pafupifupi 140 zapitazo, koma mundilole ndiyambire pa manyazi anga.

Chaka chatha mlongo wanga ankasoketsa diresi yopitira ku ukwati wa mwana wa achimwene athu. Popeza iye amakhala ku Ekwendeni, ananditumizira ndalama kuti ndimugulire nsalu ku msika wa Taifa: chitenje cha buluu, komanso kansalu kakuda koti telala aike m'khosi ndi m'mphepete mwa manja. Ndinasankha ndekha. Ndinatuluka nako panja kukakaona padzuwa monga amachitira amayi, ndipo kanali kakuda bii. Patatha masiku anayi diresi inasokedwa. Mlongo wanga atangoitambasula anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, akuberani. Nsalu iyi si yakuda, ndi yosuluka." Nditayang'ana ine, zoonadi: chakuda chija chinkaoneka ngati chachita dzimbiri, monga malaya amene aiwalidwa pachingwe mwezi wathunthu.

Ndinabwerera kwa telala nditalusa. Mdala uja sanandiyankhe zambiri. Anatola kachidutswa kotsala pansi pa makina, n'kutenga mapepala awiri oyera, n'kuphimba buluu yense uku ndi uku kuti mzere wakuda uja utsale wokha. Kenako anaika kachidutswa kaja pambali pake. Zinali zofanana ndendende, zonse zakuda bii. Atachotsa mapepala, dzimbiri lija linabwerera ine ndikuona. "Adada," anatero, "nsalu yanu sindinaisinthe. Akukunamizani ndi buluuyu." Ndinapepesa kawiri konse, ndipo ndinatuluka ndikuyang'ana pansi.

Chimene sindinkadziwa tsiku limenelo n'chakuti mlandu ngati wathuwu unaweruzidwa kalekale ku France, ndipo woweruza wake anagwiritsanso pepala loyera.

Ku Paris kuli fakitale yakale yotchedwa Gobelins, imene inkaluka nsalu zikuluzikulu zokhala ndi zithunzi, zopachika m'makoma a nyumba za mafumu. M'chaka cha 1824 boma linaika katswiri wa kemisitiri, Michel Eugène Chevreul, kuti aziyang'anira ntchito yonyika ulusi mu utoto. Bamboyu anali atatchuka kale pa kafukufuku wa mafuta a nyama ndi sopo. Atangofika anapeza dandaulo likumudikira: oluka ankati ulusi wakuda wa pafakitalepo ndi wofooka, sukuda mokwanira, makamaka akaulukira pafupi ndi buluu kapena pepo. Kutsutsa galu n'kukumba, choncho Chevreul anatenga ulusiwo n'kuufanizira ndi ulusi wakuda wochokera kwa onyika ena odziwika. Sanapeze cholakwa. Utoto unali wabwinobwino. Apa ndi pamene anazindikira kuti vutolo silili m'mphika wonyikira, lili m'diso la munthu woyang'ana.

Anakhala zaka zambiri akuyesa mitundu iwiriiwiri, ndipo mu 1839 anatulutsa buku lalikulu lofotokoza lamulo limene anapeza. Pano ndichenjeze kaye: m'Chichewa mawu oti "mtundu" amasenza katundu wambiri, ndiye ndikamati mitundu imakankhana musaganize za Atumbuka ndi Achewa, ndikunena za kufiira ndi kubiriwira. Lamulo lake ndi ili. Mtundu uliwonse uli ndi mnzake wotsutsana nawo: kufiira ndi kubiriwira, buluu ndi olenji, chikasu ndi pepo. Mukaika mitundu iwiri moyandikana, diso limakokomeza kusiyana kwake, ndipo uliwonse umapaka mnzake wapafupiyo kamthunzi ka mtundu wotsutsana nawo. Buluu amaponyera olenji pa chilichonse chimene wagundana nacho. Ndiye chakuda chokhala pambali pa buluu chimaoneka chadzimbiri. M'buku lomwelo Chevreul anasimba za amalonda ena amene anakana kulipira odinda nsalu, ati maluwa akuda amene anaitanitsa atuluka obiriwira pansalu yofiira, ndipo pansalu ya buluu atuluka ngati mkuwa. Iye anadula pepala loyera n'kuphimba nsalu yonse kusiya maluwa okha. Onse anali akuda. Telala wanga sanamvepo za Chevreul, ndikutsimikiza, koma anachita zomwezo.

Mukhoza kuyesa nokha lero lomwe. Yang'anitsitsani pakati pa mbendera yathu kwa theka la mphindi osasuntha maso, kenako muyang'ane khoma loyera. Muona mbendera ina yachilendo ikuyandama: pamene panali pakuda pawala, pamene panali pofiira pabwera buluu wobiriwirako ngati madzi a ku Chintheche, ndipo pamene panali pobiriwira pabwera pinki. Khomalo palibe chimene lasintha. Diso lanu ndi limene lajambula.

Amenewo ndi mwendo umodzi wa nkhaniyi. Mwendo wachiwiri ukuchokera kwa anthu amene ankafufuza kuwala kwenikweniko. Isaac Newton, m'zaka za m'ma 1660, anadutsitsa kuwala kwa dzuwa m'galasi la ngodya zitatu n'kuonetsa kuti kuwala koyera n'kosakanizika, muli mitundu yonse ya utawaleza, chiŵingavula monga amanenera kuno kumpoto. Mu 1802 Thomas Young wa ku England anapereka ganizo lakuti diso silingakhale ndi kolandirira mtundu uliwonse pawokha, liyenera kukhala ndi zolandirira zitatu zokha, ndipo mitundu yonse imene timaona imabadwa m'mene zitatuzo zagawanirana kuwala. Ganizoli linagona zaka makumi asanu mpaka Hermann von Helmholtz wa ku Germany ndi James Clerk Maxwell wa ku Scotland analidzutsa m'ma 1850. Lero tikudziwa kuti Young analondola: kuseri kwa diso kuli timaselo ta magulu atatu timene timamva mitundu.

Kwa ife olemba m'Chichewa pali kamsampha pano. Chinenero chathu chili ndi mawu atatu akale kwambiri a mitundu: kuyera, kuda ndi kufiira. Ena timabwereka ku zinthu, monga chikasu kapena mtambo, ena ku Chingerezi, monga buluu ndi pinki. Wina atha kusangalala kuti atatu athuwa ndi atatu a Young aja. Ayi ndithu, si amodzi. Diso la agogo anga linkasiyanitsa masamba a mpiru ndi a nkhwani bwinobwino ngakhale onsewo ankangowatchula obiriwira.

Maxwell ndi amene amandisangalatsa, chifukwa chida chake chinali nguli. Ee, nguli yomwe ija tinkakwapula pabwalo. Iye ankaveka nguli yake timapepala tozungulira ta mitundu yosiyana, gawo ili lofiira, gawo ili lobiriwira, n'kuizunguza mwamphamvu. Ikathamanga, diso limalephera kulekanitsa magawowo ndipo limaona mtundu umodzi. Zotsatira zake zinadabwitsa anthu ojambula. Mwana aliyense wa ku pulayimale amadziwa kuti penti wa buluu ndi wa chikasu amabereka kubiriwira. Koma panguli ya Maxwell, buluu ndi chikasu ankabereka kutuwa. Kufiira ndi kubiriwira, amene m'chitini amapanga matope, panguli ankapita ku chikasu chakuda pang'ono.

Chifukwa chake n'chosavuta. Penti sapanga kuwala, amadya kuwala. Penti wa chikasu amameza buluu wa m'kuwala kwa dzuwa n'kubweza zotsala. Penti wa buluu amameza kufiira ndi chikasu. Mukawasakaniza onse awiri amadyera limodzi, ndipo chimene chimapulumuka ndi kubiriwira kokha. Mukathiramo wachitatu ndi wachinayi, aliyense akudya gawo lake, mumatsala ndi chithaphwi chabulauni chimene tonse tinapangapo m'kalasi ya zojambula. Koma kuwala kukasakanikirana m'diso sikudyana, kumaphatikizana. Ndiye pali kusakaniza kuwiri, kwa m'chitini ndi kwa m'diso, ndipo malamulo ake ndi osiyana.

Amene anatengera nkhaniyi pakhomo pa ojambula anali Ogden Rood, mphunzitsi wa fizikisi ku Columbia College mumzinda wa New York, amenenso ankajambula zithunzi akapeza mpata. Buku lake, Modern Chromatics, linatuluka mu 1879 ndipo linamasuliridwa m'Chifalansa mu 1881. M'menemo anafotokoza kuti simukusowa nguli kuti mitundu isakanikirane m'diso. Mukaika timadontho kapena timizere ting'onoting'ono ta mitundu iwiri moyandikana kwambiri, n'kuima patali, diso limaziphatikiza lokha. Oluka a ku Gobelins ankachita kale zimenezi popota ulusi wa mitundu iwiri pamodzi.

Tsopano alowe mwini nkhani. Georges Seurat anabadwira ku Paris pa 2 December 1859, m'banja losasowa kanthu. Analowa sukulu ya zaluso ya École des Beaux-Arts mu 1878, anakhalako chaka ndi miyezi, n'kupita ku usilikali ku Brest kwa chaka chimodzi. Anali mnyamata wofatsa, wosalankhulalankhula, wobisa za moyo wake ngakhale kwa anzake. Chimene ankakonda ndi kuwerenga. Anawerenga buku la Charles Blanc la mu 1867 limene linafotokozera ojambula maganizo a Chevreul, anawerenga Rood, ndipo anaphunzira mosamala zithunzi za Eugène Delacroix. Nthawi imeneyo kunali kale gulu la Claude Monet ndi anzake, otchedwa ma Impressionist, amene ankajambulira panja mofulumira, kuthamangitsa kuwala kusanasinthe. Seurat ankawalemekeza, koma ankaona kuti akungoyendera mphuno. Iye ankafuna njira yotsimikizika, yoti munthu n'kuifotokoza monga amafotokozera masamu. Ndipo ankafuna kuthawa matope a m'chitini aja: penti aliyense akhale yekha pansalu, osasakanizidwa ndi mdani wake, kusakaniza kukachitikire m'diso la woonera.

Chithunzi chake chachikulu choyamba, cha anyamata osamba mumtsinje wa Seine ku Asnières, akuluakulu a chionetsero cha Salon anachikana mu 1884. Okanidwa chaka chimenecho anayambitsa bungwe lawo, Société des Artistes Indépendants, ndipo m'menemo Seurat anakumana ndi Paul Signac, mnyamata wa zaka 20, wolongolola, wokonda maboti, wosiyana naye pa chilichonse kupatula njala ya mitundu. Chaka chomwecho Seurat anayamba ntchito imene inamudyera zaka ziwiri: chithunzi cha anthu akupuma Lamulungu masana pachilumba cha La Grande Jatte, mumtsinje womwewo chakumpoto cha kumadzulo kwa Paris.

Ankapita pachilumbapo kukajambula tizithunzi toyeserera patimatabwa, ena ndi choko chakuda papepala, ndipo tonse pamodzi tinafika pafupifupi 60. Kenako ankabwerera m'chipinda chake kukalimbana ndi chinsalu chachikulu, mamita 2 kukwera m'mwamba ndi mamita 3 kupingasa. M'chithunzimo muli anthu oposa 40, agalu atatu, maboti pamadzi, ndi mayi wina wovala mwaulemu atagwira ambulera dzanja ili, chingwe cha pusi dzanja linalo. Pafupifupi onse aima chilili kapena akhala phee ngati ziboliboli. Palibe amene akulankhula ndi mnzake. Pakati penipeni pali kamtsikana kovala zoyera kakuyang'ana kwa inu. Poyamba anajambula ndi timikwasa ta burashi topingasana. Timadontho tambiri anadzawonjezera pambuyo pake, kumapeto kwa 1885 ndi kuchiyambi kwa 1886, njira yake itakhwima.

Mukayandikira kapinga wa m'chithunzicho mupeza kuti si wobiriwira yekha. Pamene pali dzuwa pali timadontho tobiriwira, ta chikasu ndi ta olenji, chifukwa kwa Seurat kuwala kwa dzuwa kunali ndi mtundu wakewake. Pamthunzi pali ta buluu ndi ta pepo, otsutsana ndi dzuwa lija. Pamalire a chinthu chowala ndi chakuda ankawalitsa mbali iyi n'kudetsa mbali inayo, kuthandizira lamulo la Chevreul ndi dzanja lake. Patapita zaka ziwiri kapena zitatu anafika pojambula mkombero wa timadontho kuzungulira chithunzi chonse, ndipo mtundu wa mkomberowo umasintha malinga ndi mtundu umene wayandikana nawo mkatimo. Munthu wosamala chonchi ndi wosowa.

Chithunzichi chinaonetsedwa mu May 1886 pa chionetsero chachisanu ndi chitatu cha ma Impressionist, chimene chinalinso chomaliza. Amene anaumirira kuti anyamatawa alowe anali Camille Pissarro, mdala wa zaka 55 amene anasiya njira yake yakale n'kuyamba kudonthetsa ngati Seurat. Monet, Renoir ndi Sisley sanabweretse zithunzi zawo chaka chimenecho. Anthu ambiri anaseka, makamaka pusi uja. Koma wolemba wina wachinyamata, Félix Fénéon, anaima n'kufotokozera owerenga ake mmene timadonthoto tikugwirira ntchito, ndipo ndi iye amene anapatsa gululi dzina la néo-impressionnisme. Dzina limene linamera mizu, pointillisme, likuchokera ku mawu a Chifalansa otanthauza kadontho, ndipo eni ake sankalikonda. Iwo ankati nkhani si kadontho, nkhani ndi kugawa mitundu, choncho ankakonda divisionnisme. Inu alakatuli mukudziwa kuwawa kwake wina akatchula ntchito yanu ndi dzina la chinthu chaching'ono chimene chamugwira maso.

Chaka chomwecho Chevreul anakwanitsa zaka 100 ndipo dziko la France linamuchitira chikondwerero. Anamwalira mu 1889 ali ndi zaka 102.

Funso limene ndakhala ndikulizungulira ndi ili: kodi zinatheka? Seurat ndi anzake ankayembekezera kuti mitundu yosakanikirana m'diso idzawala kuposa yosakanizidwa m'chitini, kuti chithunzi chidzakhala ngati chikutulutsa dzuwa. Amene aima patsogolo pa La Grande Jatte ambiri amanena zina: chithunzicho n'chofatsa, chotuwirako, ngati mukuchionera m'kachifunga kopyapyala. Ife a ku Mzuzu sitingavutike kumvetsa, ndi mmene phiri la Kaning'ina limaonekera m'mawa wa June.

Chifukwa chake chinali m'mabuku omwewo amene ankawerenga. Kadontho ka penti si nyali. Sikatulutsa kuwala, kamangobweza gawo la kuwala kumene kalandira. Diso likaphatikiza timadontho tiwiri silimawonkhetsa kuwala kwake monga mmene nyali ziwiri zimawonkhetsera, limangotenga pakatikati. N'zoona kuti pakatikatipo pamawala kuposa matope a m'chitini, koma sipangapose kadontho kowala kwambiri mwa tiwirito. Ndipo ngati timadonthoto tili ta mitundu yotsutsana, buluu ndi olenji mwachitsanzo, pakatikati pake ndi kutuwa, monga nguli ya Maxwell inaonetsera. Ndiye malamulo awiri aja amakokerana kosiyana. La Chevreul limati mitundu yotsutsana ikakhala m'zigawo zikuluzikulu imanolana, uliwonse umaoneka wamphamvu. La Rood limati ikakhala m'timadontho tating'ono kwambiri imaphana. Seurat anafuna kukolola zonse ziwiri m'munda umodzi.

Chimene chinamupulumutsa, mwa kuona kwanga, n'chakuti timadontho take sitinali tating'ono mokwanira. Munthu akaima pamtunda wabwino woonera chithunzi, timadonthoto sitisungunuka tonse. Diso limakhala pakati, likuyesa kuphatikiza, likulephera, likuyesanso, ndipo chithunzicho chimaoneka ngati chikunjenjemera pang'ono, monga mpweya umachitira pamwamba pa tala mu October. Kunjenjemera kumeneko sindiko kumene anapita kukasaka, koma ndi kumene kumaimitsa anthu mpaka lero. Ine sindiona ngati sayansi inamunamiza, kapena kuti iye anaipusitsa. Inamupatsa funso labwino ndi khama loti akhale zaka ziwiri pachinsalu chimodzi. Yankho linatuluka lina.

Ndiye pali chipongwe chimene kemisitiri inamuchita. Pa timadontho ta kapinga wa padzuwa anagwiritsa penti wina wa chikasu wopangidwa ndi zinki, amene panthawiyo ankaoneka wowala bwino. Pasanathe zaka zambiri pentiyo anayamba kuda n'kusanduka wabulauni, ndipo Fénéon anali atadandaula kale za zimenezi pofika 1892. Choncho chithunzi chimene chili ku Art Institute of Chicago lero, kumene chinafika m'ma 1920, si ndendende chimene anthu a ku Paris anaona mu 1886. Pamalo pamene Seurat anaika dzuwa lambiri ndi pamene pazilala kwambiri.

Seurat anamwalira pa 29 March 1891 atadwala masiku ochepa, ali ndi zaka 31, chithunzi chake chomaliza cha masewera a sekasi chisanathe. Mwana wake wakhanda anamutsatira patangopita milungu iwiri. Kuti muone nthawi yake bwino: patangotha milungu yochepa, mu May chaka chomwecho, Britain inalengeza kuti dziko lathu lino lili m'manja mwake. Mishoni ya Livingstonia inali ikadali ku Bandawe, ndipo Mzuzu amene ndikulemberamu kunalibe, poti tauniyi inadzayamba kukula m'ma 1940 chifukwa cha minda ya mitengo ya tung.

Pissarro anali atatopa kale cha m'ma 1890. Anaona kuti kudonthetsa kumachedwetsa dzanja moti chimene unaona panja chimafa usanachimalize, ndipo anabwerera ku njira yake yakale. Signac anapitiriza, analemba buku lofotokoza njirayi mu 1899, koma taonani chimene anachita: timadontho take tinakula n'kusanduka timabokosi toonekeratu, toti sitingasungunuke m'diso. Kunena kwina, anasankha Chevreul n'kusiya Rood. Vincent van Gogh anatolako kugawa mitundu ali ku Paris pakati pa 1886 ndi 1888. Henri Matisse anakakhala pafupi ndi Signac ku Saint-Tropez mu 1904, anadonthetsako pang'ono, kenako anatulukamo ndi mitundu yolusa imene inamutchukitsa.

Nanga kwathu kuno? Ndikudziwa kuti wina afunsa za Chongoni. Kumapiri a ku Dedza kuli malo 127 okhala ndi zithunzi za pamiyala, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Kuli zofiira zakale zimene amati anajambula Akafula, ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau, ndipo pa zina mwa izo pali madontho. Koma tisathamangire kunena kuti makolo athu anayamba pointillisme Seurat asanabadwe. Dontho la ku Chongoni linaikidwa kuti lioneke ngati dontho, liwerengedwe ndi amene anaphunzitsidwa tanthauzo lake. Dontho la Seurat linaikidwa kuti lisowe. Kuzifanizira n'kuchepetsa zonse ziwiri.

Chapafupi kwenikweni, ndikuganiza, ndi mikanda. Amene munapitako ku Umthetho kuphiri la Hora, ku Mzimba, munaona zovala za mikanda za Angoni. Mkanda uliwonse uli ndi mtundu wake umodzi ndipo palibe njira yousakanizira ndi unzake. Wotunga amangosankha kuti uwu ukhale pambali pa uti. Mukagwira m'manja mumaona mkanda umodziumodzi. Wovalayo akapita pakati pa bwalo n'kuyamba kuponda ingoma, timizere ting'onoting'ono timasungunuka pamene zigawo zikuluzikulu zimanolana, choyera chikuwalitsa chofiira. Malamulo awiri aja onse ali pachifuwa cha munthu mmodzi. Mayi wotunga mikanda amawadziwa ndi zala, monganso mayi wa ku Taifa amene salipira chitenje asanachiyandikize ku bulauzi imene adzavalire. Ndipo tisaiwale kuti ngakhale ku Paris nkhaniyi sinayambire m'chipinda cha akatswiri. Inayamba ndi oluka amene anaona kuti chakuda chawo sichikuda, n'kukadandaula.

Pomaliza penipeni maloto a Seurat anadzakwaniritsidwa ndi makina. Tengani nyuzipepala iliyonse yokhala ndi zithunzi zamitundu, muyang'ane nkhope ya munthu ndi galasi lokulitsa zinthu: ndi timadontho ta inki zinayi zokha, ya buluu wowala, yapinki wakuda, yachikasu ndi yakuda. Kapena, ngati foni yanu si yoopa madzi, dontheza kadontho kamodzi kakang'ono pamalo oyera a sikirini imene mukuwerengerapoyi. Kadonthoko kakulitsa zimene zili pansi pake, ndipo mutha kuona kuti choyeracho si choyera: ndi timagetsi tofiira, tobiriwira ndi ta buluu tokhala moyandikana. Apa ndiye zimathekadi, chifukwa kadontho kalikonse ndi nyali yeniyeni, ndipo n'kakang'ono moti diso silingakalekanitse ndi kanzake. Magulu atatu a Young, nguli ya Maxwell ndi timadontho ta Rood, zonse zili m'thumba mwanu. Mupukute msanga, musadzandilipiritse.

Za diresi ija, mlongo wanga anakanabe kuivala ili choncho, ngakhale nditamufotokozera za mapepala oyera. Iye anati anthu ku ukwati sadzabwera ndi mapepala. Telala anasomola mzere wakuda uja n'kusokera kamzere koyera kopyapyala pakati pa iwo ndi buluu, mbali zonse ziwiri. Chakuda chinada bii. Ndalama yowonjezera ya ntchitoyo ndinalipira ine.